Bala Losatuluka Magazi: Mawu kwa Olera Achinyamata m'Nyumba Zosungiramo Ana

Amayi ndi abambo amene mumalera ana m'nyumba zosungiramo ana amasiye ndi ovutika, aphunzitsi, alangizi a zaumoyo, ndiponso inu achibale amene muli ndi mwana wanu kumalo otere, nkhani ino ndi yanu. Tikambirana za anyamata ndi atsikana a zaka zapakati pa 13 ndi 18, amene akukulira m'manja mwanu kutali ndi kwawo.

Dandaulo limene limamveka kaŵirikaŵiri pakati pa olera ana ndi ili: "Mwana uyu adabwera kuno ali wowonda, nsabwe zili tho m'mutu. Tidamsambitsa, tidamdyetsa, tidamtumiza kusukulu. Lero wakula, ndipo wayamba kulumpha mpanda usiku, kusuta chamba ndi kutukwana akuluakulu. Kodi tidamlakwira chiyani?" Ena amangoti mwanayo ndi wosayamika, ena amati ndi magazi a kwawo, enanso amati adamlodza. Dandauloli nlomveka ndipo sitikulinyoza, pakuti kulera mwana wa eni si ntchito yamaseŵera. Koma tisanamuweruze mwanayo, tiyeni tiyambe tadzifunsa kuti pa tsiku limene adaloŵa pachipata chathu adasenza chiyani, kupatula kajumbo ka zovala kaja.

Katundu amene mwana adabwera naye

Palibe mwana amene amafika kunyumba yosungiramo ana zinthu zili bwino kwawo. Wina adadwazika mayi ake miyezi yambiri iye ali ndi zaka 8 zokha, akuwatembenuza pamphasa ndi kuwachapira, kufikira m'maŵa umene adawadzutsa koma osadzuka. Wina adaona achibale akugaŵana ziŵiya, malata ndi munda maliro asanathe. Wina ankamenyedwa ndi bambo omupeza, kapena ankamva mayi ake akumenyedwa usiku ndi usiku. Wina adagwiriridwa ndi munthu amene ankamtcha amalume. Alipo amene adagonapo m'makhonde a masitolo ku Limbe kapena ku Lilongwe, alipo amene adathamangitsidwa pamudzi atanamiziridwa ufiti, ndipo alipo amene adatsala okha pamene matope ndi miyala zidakokolola nyumba ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe nthaŵi ya namondwe wa Freddy, m'mwezi wa Marichi 2023. Nawonso anyamata amene makhoti amawatumiza ku Mpemba m'boma la Blantyre kapena ku Chilwa m'boma la Zomba, ambiri a iwo adayamba alakwiridwa asanalakwire munthu.

Nkhanza zochitira ana si zachilendo m'dziko lathu lino. Kafukufuku amene adachitika m'Malaŵi muno mu 2013 adapeza kuti mtsikana mmodzi mwa atsikana 5 alionse, ndi mnyamata mmodzi mwa anyamata 7 alionse, adachitiridwapo nkhanza zokhudza kugonana asanakwanitse zaka 18. Pafupifupi anyamata aŵiri mwa atatu alionse adamenyedwapo mwankhanza. Ameneŵa adali ana okhala m'makomo wamba. Nanga kuli bwanji ana amene zinthu zidawaipira mpaka kuchoka pakhomo?

Mwana akathyoka mwendo, aliyense amaona, ndipo palibe amene amamkwapula chifukwa chotsimphina. Koma bala la mumtima silituluka magazi. Limabisala zaka zambiri, mwana nkumaoneka wofatsa ndi womvera, kenaka limadzatukusira pamene watha msinkhu.

Zimene mantha amachita m'thupi la mwana

Munthu akakumana ndi choopsa, thupi lake limatulutsa michere ina m'magazi, imene madokotala amaitcha adrenaline ndi cortisol. Mtima umagunda msanga, mpweya umathamanga, minofu imakungika, ndipo munthu amakonzeka kumenya, kuthaŵa, kapena kungouma ngati chitsa. Zimenezi nzabwino, chifukwa zimapulumutsa moyo. Choopsacho chikapita, thupi limakhazikika. Mwana wamng'ono sangathe kudzikhazika yekha. Amakhazikika pamene mayi amnyamula ndi kumbereka.

Tsono taganizani za mwana amene choopsa chake chidali m'nyumba momwemo, tsiku ndi tsiku, popanda womtonthoza. Thupi lake lidaphunzira kukhala tcheru nthaŵi zonse, ndipo silileka msanga ngakhale atafika pamalo abata. Amafanana ndi mwanapiye amene adapulumuka m'zikhadabo za kabaŵi: chithunzithunzi chilichonse chikadutsa pansi, iye wathaŵira kale kunsi kwa nkhokwe. Mukamkweza mawu pang'ono, iye amamva mawu a uja ankammenya. Mukamgwira paphewa modzidzimutsa, amatembenuka ndi chibakera. Usiku tulo sabwera, kapena amabwera ndi maloto oopsa. Ena amakodza pogona ngakhale ali ndi zaka 14. M'kalasi maso amakhala pakhomo m'malo mokhala pabolodi, ndipo mphunzitsi amalemba kuti ndi waulesi.

Pamwamba pa zimenezi pamabwera kutha msinkhu. Mbali ya ubongo imene ili kumphumi, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira za maŵa, ndiyo imachedwa kukhwima kuposa zonse. Imafika pake munthu akamayandikira zaka 25. Koma zilakolako, mkwiyo ndi kufuna kutamandidwa ndi anzake zimakula msanga. Wachinyamata aliyense ali ngati njinga yotsika phiri mabuleki asanamangidwe bwino. Amene ali ndi bala la mumtima akutsika phiri lomwelo atanyamulanso matumba aŵiri a chimanga.

Zimenezi si nkhambakamwa chabe. Ku America, madokotala aŵiri, Vincent Felitti ndi Robert Anda, adafunsa anthu akuluakulu oposa 17,000 a mumzinda wa San Diego, pakati pa 1995 ndi 1997, za zoŵaŵa zimene adakumana nazo ali ana, monga kumenyedwa, kugwiriridwa, kunyozedwa, kukhala ndi kholo lachidakwa kapena lodwala maganizo, ndi kuona mayi akuzunzidwa. Zotsatira zoyamba zidafalitsidwa mu 1998. Mwa anthu amene adakumana ndi mitundu inayi ya zoŵaŵazi kapena kuposerapo, mpata woti akhale zidakwa udali waukulu ka 7 kuposa wa anzawo amene sadakumane nazo, ndipo mpata woti ayese kudzipha udali waukulu ka 12. Dziŵani kuti ambiri mwa anthu ofunsidwawo adali ophunzira ndi opeza bwino, osati amasiye. Komabe tisalakwitse pomva ziŵerengerozi. Sizikunena kuti mwana wozunzidwa aliyense adzakhala chidakwa. Ambiri amakula bwino ndi kukhala makolo odalirika. Zikungotichenjeza kuti katundu akachuluka, mpata wogwa umakulanso.

Chimene chili kuseri kwa khalidwe

Khalidwe limene ife timaliona ngati kupulupudza, kwa mwanayo kaŵirikaŵiri limakhala mankhwala. Mnyamata amene wakhala zaka zitatu osagona bwino, tsiku lina mnzake amamlaŵitsa kachasu kapena chamba, ndipo kwa nthaŵi yoyamba mutu wake umakhala chete. Mungamuuze kuti chamba chimaononga ubongo, ndipo mudzakhala mukunena zoona, makamaka kwa amene wayamba kusuta ali wamng'ono. Koma ngati simufunsa chimene chimamsoŵetsa tulo, mwamlanda ndodo munthu wotsimphina osamchiza mwendo. Amene amabisa nsima pansi pa bulangete kapena kuba m'khitchini atangodya kumene, ndi mwana amene adagonapo ndi njala ndipo mimba yake sinakhulupirire kuti maŵa kudzakhala chakudya. Amene amayamba ndewu adaphunzira kuti woyamba kumenya ndiye samenyedwa.

Tikhalitse pang'ono pa nkhani ya atsikana, chifukwa ndi pamene olera ambiri amapsa mtima msanga. Mtsikana wa zaka 15 wayamba kuzemba madzulo, ndipo wapezeka ndi foni, mafuta odzola ndi ndalama zimene simudampatse. Mawu amene amafulumira kutuluka pakamwa pathu ndi akuti hule. Chonde, mawu ameneŵa asamveke m'nyumba yolerera ana. Mtsikana amene adagwiriridwa ali wamng'ono adaphunzitsidwa bodza loopsa, lakuti thupi lake si lake, ndi kuti munthu wamkulu amamuona pokhapokha ngati akufuna thupilo. Wakuliranso pagulu la ana makumimakumi, pamene palibe amene adamuuzapo kuti ndi wokongola kapena kumgulira kanthu kakekake. Ndiye pakabwera bambo wagalimoto amene wamuitana ndi dzina lake nkumfunsa ngati wadya, mtima wake umagwa msanga. Amuna otere amadziŵa bwino lomwe kumene kuli ana osoŵa wowalankhulira, ndipo amazungulira mipanda yanu mwadala. Malamulo a dziko lino, chisinthireni mu 2017, amati mwana ndi munthu aliyense wosakwana zaka 18. Wopalamula pamenepa ndi bamboyo, ndipo woyenera kukaonekera kupolisi ndi iyeyo. Anyamata nawonso amagwiriridwa, koma amabisa koposa chifukwa cha manyazi.

Pali khalidwe lina loopsa limene silichita phokoso. Wachinyamata amene adabadwa ndi kachilombo ka HIV angathe kuyamba kutaya mankhwala ake a ma ARV m'chimbudzi, chifukwa cha mkwiyo, kutopa, kapena kuopa kuti anzake a m'chipinda adziŵa. Musagaŵe mankhwalaŵa poitana maina pagulu. Mpatseni pambali, ndipo mlembetseni ku Teen Club ya pachipatala chapafupi, kumene amakumana ndi anzake onga iye. Wina amadzicheka ndi lumo pamkono kapena pantchafu nkumavala juzi ngakhale kukutentha. Sachita zimenezi pofuna kudzionetsa ayi. Ululu wa pakhungu umamuiŵalitsa kwa kanthaŵi ululu wa mkati.

Nyumba yathu ingathe kuwonjezera bala

Apa tiyenera kudziyang'ana tokha, ngakhale nkoŵaŵa. Kale mu 1951, dokotala wa ku Britain, John Bowlby, adalembera bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO kuti mwana wamng'ono safuna chakudya ndi pogona zokha, koma munthu mmodzi wokhazikika womkonda. Umboni woŵaŵa udadzaoneka ku Romania boma la Nicolae Ceaușescu litagwa mu 1989, pamene kudapezeka ana oposa 100,000 m'nyumba za boma, ambiri akungodzigwedeza m'timabedi popanda wowanyamula. Kuyambira mu 2000 akatswiri adatsatira ana aang'ono 136 a m'nyumba zotere mumzinda wa Bucharest. Theka la anawo adawapezera mabanja owalera, ndipo ameneŵa adaposa anzawo otsala m'nyumbazo pa nzeru, pa kulankhula ndi pa kukhulupirira anthu, makamaka amene adaloŵa m'mabanja asanakwanitse zaka ziŵiri.

Sitikunena kuti nyumba yanu ili ngati za ku Romania. Koma dziŵerengereni nokha: mtsikana amene wakhala nanu zaka 10, wadutsa m'manja mwa amayi angati? Aliyense amene adamzoloŵera adasiya ntchito kapena kusamutsidwa, mwina osatsazika nkomwe. Alendo amabwera ndi maswiti, amawanyamula ana, amajambulitsa nawo zithunzi, sabata ikatha apita. Mwana amatolapo phunziro limodzi, lakuti aliyense amachoka, choncho nkupusa kukonda munthu. Ndiye mukadzamuona akukankha inu amene mukumchitira zabwino, dziŵani kuti akukuyesani ngati nanunso muchoke. Kulekanitsa ana a mimba imodzi, kutumiza mkulu uku mng'ono uko, ndi bala linanso. Ndipo funsani zimene zimachitika m'zipinda zogona nyali zikazima, pakuti ana akuluakulu amene adazunzidwa nthaŵi zina amazunza aang'ono, ndipo si wantchito aliyense amene ali woyenera kumsiyira ana.

Nanga tichite chiyani?

Chinthu chachikulu koposa zonse nchosafuna ndalama. Wachinyamata aliyense akhale ndi munthu wamkulu mmodzi amene ndi wakewake: womdziŵa tsiku lake lobadwa, wopita kusukulu kukamva za mayeso ake, womufunafuna akasoŵa. Angathe kukhala mayi wa m'nyumbamo, wophika, mlonda wokhulupirika kapena mphunzitsi. Ana amene adadutsa m'zoŵaŵa nkukula bwino, mukawafunsa, kaŵirikaŵiri amatchula munthu mmodzi wotere. Inu oyang'anira nyumbazi, yesetsani kuti olera asamasinthidwe wambawamba, ndipo amene akuchoka atsazike ana nthaŵi ikadalipo.

Malamulo akhalepo, ndipo akhale omwewo dzulo ndi lero, chifukwa mwana wochokera m'chipwirikiti amapeza mtendere podziŵa chimene chichitike. Wolakwa alandire chilango chogwirizana ndi cholakwacho: waswa zenera, agwire ntchito yothandiza kulikonza. Koma chikwapu, kummana chakudya, kumtsekera m'chipinda, kummeta mpala pamaso pa anzake, kapena kumuuza kuti "nchifukwa chake kwanu adakutaya," zonsezi zimangotsimikiza zimene balalo limamnong'oneza usiku. Mwana akapsa mtima musapikisane naye mawu. Tsitsani mawu anu, chotsani anzake oonerera, ndipo mlandu mukambe mtima wake utatsika, chifukwa ubongo wogwidwa ndi mantha sumva malangizo. Wothaŵa akabwerera, yambani mwampatsa madzi ndi chakudya ndi kuona ngati wavulala. Mafunso adikire m'maŵa. Mufunsenso kuti ankathaŵa chiyani, osati ankapita kuti kokha. Kumchotsa mwana panyumba chifukwa cha mimba kapena chamba nkumtaya kachiŵiri, ndipo kumene akupitako ndi kumsewu.

Musamkakamize mwana kufotokoza mbiri yake, ndipo musamuimiritse pamaso pa alendo kuti anene za imfa ya makolo ake pofuna thandizo. Koma tsiku limene adzayamba yekha kulankhula, mwina mukusenda naye mbatata kapena mukuyenda kuchokera kumunda, siyani zonse mumvetsere. Mkhulupirireni. Muuzeni kuti si iye adalakwa. Musamlonjeze kuti simuuza munthu aliyense, koma muuzeni amene mumuuze ndi chifukwa chake.

Ngati wagwiriridwa posachedwa, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Pali mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP, amene amayenera kuyambidwa asanathe maola 72 ndi kumwedwa masiku 28, ndiponso mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi, amene amagwira bwino ntchito akamwedwa msanga. Zengerezu adalinda kwaŵukwaŵu. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi pa zipatala zina pali malo otchedwa Chikwanekwane, pamene mwana amaonana ndi dokotala, wapolisi ndi mlangizi pakhomo limodzi. Dziŵitsaninso ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma lanu. Nkhani yotere siyokambirana kuseri pofuna kuteteza mbiri ya nyumba. Nambala ya foni ya 116 ndi yaulere, ndipo ilembedwe pakhoma pamene mwana aliyense angaione.

Za kugonana, kutenga mimba ndi matenda opatsirana, kambani nawo poyera asanaphunzitsidwe ndi amuna a kumpanda aja. Zipatala zambiri zili ndi gawo lothandiza achinyamata mwachinsinsi, aperekezeni kumeneko.

Mukaona mwana wasiya kudya, wadzipatula, akugaŵa zinthu zake, kapena akunena kuti kuli bwino atatsatira mayi ake, mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwake. Ambiri amapepukidwa kuti wina waona. Akavomera, musamsiye yekha, ndipo mupite naye kuchipatala. Mankhwala a makoswe, a m'munda ndi mapiritsi onse azikhala otsekeredwa nthaŵi zonse. Pa zipatala za m'maboma pamapezeka anamwino odziŵa za matenda a maganizo, ndipo thandizo lina likupezeka ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti mwana wapenga. Bala la mumtima limachizika, ndipo nthaŵi zambiri mankhwala ake ndi kukambirana ndi mlangizi wophunzitsidwa ntchitoyo.

Nanunso olera muli ndi mitima. Ena mwa inu mudakula amasiye, ndipo kulira kwa mwana kumadzutsa zanu zakale. Mukaona kuti dzanja likufulumira kunyamuka, pemphani mnzanu akugwirireni kwa kanthaŵi. Oyang'anira apereke masiku opuma.

Njira ya kwawo isamere udzu

Ana ambiri a m'nyumba zosungiramo ana ali ndi kholo limodzi lamoyo, agogo, azakhali kapena amalume. Chidawabweretsa ambiri ndi umphaŵi. Malangizo amene bungwe la United Nations lidalandira mu 2009 amanena kuti umphaŵi pawokha si chifukwa chochotsera mwana kwa abale ake, ndipo lamulo lathu la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limaika udindo woyamba wolera mwana pa makolo ndi banja. Chibale ndi fupa, sichiola. Wachinyamata amene sadziŵa mfunda wake, mudzi wake ndi manda a mayi ake amakhala ndi funso losayankhidwa, ndipo ena mwa othaŵathaŵa aja akufunafuna yankho limeneli. Inu achibale, kamuoneni mwana wanu ngakhale mulibe chomtengera. Inu olera, mloleni akachezeko patchuthi, ndipo gwirizanani ndi a zachisamaliro cha anthu kuti muone ngati banjalo, litathandizidwa ndi Mtukula Pakhomo kapena njira zina, lingathe kumlandiranso. Koma kumene adazunzidwa asabwezedweko wozunzayo akadali pomwepo.

Tsiku lotuluka lisamdzidzimutse. Nthaŵi yoopsa kwambiri kwa ana ameneŵa ndi miyezi yoyamba atachoka m'manja mwanu, pamene munthu amene wakhala akudya belu likalira ayenera kudzipezera yekha ufa, nkhuni ndi lendi. Yambani kumkonzekeretsa akadali ndi zaka 15. Aphunzire kuphika pamafuwa, kugwira khasu, kugula pamsika ndi kusunga ndalama, ndiponso luso limodzi lamanja. Akakwanitsa zaka 16 mthandizeni kupeza chiphaso cha unzika. Ngati makolo ake adasiya munda kapena nyumba, pitani naye kwa amfumu akamdziŵe iye asanatuluke. Pochoka atenge buku lake la kuchipatala, makalata ake a sukulu, ndi nambala ya foni ya munthu wake uja, amene adzamuyendera mwezi woyamba usanathe.